Woyamba Ndani? Draft ya Flames Pakhonde la Amalume kwa Mphuka

Khirisimasi yapitayi ndinali kumudzi, kwa Mphuka. Amene mumaidziwa Thyolo mukudziwa kuti Disembala ndi nyengo imene tiyi amaphuka ngati wapenga. Mvula usiku, dzuwa m'mawa, ndipo pofika 6 koloko anthu ndi madengu kumsana alowa kale m'minda. Netiweki kwathu imasankha malo. Kuseri kwa nyumba ya amalume kuli kachulu kamene tonse timakwerapo tikafuna kusintha kaputeni nthawi isanatseke, ndipo Loweruka lina tinakumanapo anthu anayi, mafoni m'mwamba ngati tikupempha mvula: ine, msuweni wanga, ndi anzanga awiri amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale.

Tonse tili mu ligi imodzi ya Fantasy Premier League, FPL, ndipo zokamba zathu pachulupo zinali zomwe zija: Haaland kapena Salah, wavulala ndani, akhala pa benchi ndani. Msuweni wanga amadziwa ngakhale dzina la goloboyi wachiwiri wa Brentford. Ndiye mnzanga wina, atatopa ndi kukhala kumchira kwa ligi, anati, "Aise, bwanji tipange draft ya Flames? Aliyense amene anavalapo jezi ya dziko lino chilandirireni ufulu mu 1964. Tione ngati mpira mumaudziwadi kapena mumangokopera za pa YouTube."

Tinaseka, tinavomera, n'kupangana kukumana madzulo pakhonde la amalume. Ndinkaganiza kuti zitenga ola limodzi basi. Zinatenga masiku atatu, ndipo ndinachokapo ndi kamanyazi kamene kandilembetsa nkhani ino.

Kwa inu amene simusewera, ndifotokoze pang'ono. Mu FPL wamba umapatsidwa ndalama zongoyerekeza, mapaundi 100 miliyoni, n'kugula osewera 15, osapitirira atatu a timu imodzi. Zimene achita pabwalo lenileni zimasanduka mapointi ako. Wakutsogolo akagoletsa, mapointi 4, wapakati, 5, wakumbuyo, 6. Kupatsira mpira wobala chigoli, 3. Goloboyi ndi otchinga kumbuyo gemu ikatha golo lawo lisanagwedezeke, 4. Kusewera mphindi 60 kapena kuposerapo, 2. Draft ndi mtundu wina wa masewera omwewa. Palibe za ndalama, mumasankha mosinthana, ndipo wosewera akatengedwa watengedwa, sangakhale wa anthu awiri. Woyamba kusankha ulendo woyamba amakhala womaliza ulendo wachiwiri. Choncho funso lalikulu la draft ndi limodzi: woyamba ndani?

Masewerawa ali ndi mbiri yawo. Anayambira ku America, pa mpira wawo uja wooneka ngati dzira. Bill Winkenbach, mmodzi mwa eni timu ya Oakland Raiders, anakonza malamulo ake ndi anzake mu 1962, ndipo draft yoyamba inachitika mu 1963. Ku Italy mtolankhani Riccardo Albini anabweretsa Fantacalcio cha mu 1990, ku England Andrew Wainstein anayambitsa Fantasy League mu 1991, ndipo FPL imene ikutithera mabanduloyi inayamba mu 2002. Draft yake inabwera mu 2017. Onsewa anabadwira kumene chilichonse chochitika pabwalo chimalembedwa, mphindi ndi mphindi. Ife tinafuna kuwanyamula n'kuwaika pa mpira umene zaka zake zabwino koposa zinadutsa pa wailesi. Apa m'pamene panagona nkhani.

Tinachita mayere ndi zitsekerero za Fanta, mwayi woyamba n'kugwera ine. Sindinachedwe. "Kinnah Phiri." Ndinali nditakonzekera: zigoli 71 m'magemu 117 a dziko, kuyambira 1973 mpaka 1981. Palibe Mmalawi wamwamuna amene wafikako pafupi. Ndinawawerengera pomwepo kuti zigoli zokha ndi mapointi 284, ndipo tikawonjezera awiriawiri a gemu iliyonse, apyola 500. Ndinalankhula monyada ngati munthu amene wapambana kale.

Amalume anali pampando wawo wa ndalema, akusenda chimanga chowotcha, ngati sakumva. Iwowa anagwira ntchito ya ukalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi zaka zoposa 30. Manambala amawadziwa kuposa tonsefe. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Mphwanga, Kinnah unamuonapo?"

"Ayi, amalume. Ndinali ndisanabadwe."

"Inenso sindinamuonepo. Ndinkamumva."

Mawu amenewa anandikumbutsa chinthu chimene ife a mafoni timaiwala. Malawi analibe kanema wakewake mpaka 1999, pamene Television Malawi inatsegulidwa. Nthawi yonse ya Kamuzu, amene sanathe kufika pa Kamuzu Stadium mpira ankauonera m'makutu, kudzera pa MBC. Kuchoka kwa Mphuka kukafika ku Blantyre si kutali pa mapu, koma kwa munthu wolowa ntchito m'bandakucha masiku asanu ndi limodzi pa sabata, wolandira ndalama yongokwanira ufa ndi mchere, kunali ngati kunja. Amalume akuti kumalayini kwawo wailesi inali imodzi, ya kapitawo wina. Mabatire ankawayanika padzuwa masana kuti afike nawo kumapeto kwa gemu. Anthu ankakhala mozungulira, ndipo wotsokomola pamene Kinnah ali ndi mpira ankathamangitsidwa.

Ndipo zomvera zinalipo. Kumbukirani kumene tinachokera: mu 1962, tikadali Nyasaland, Ghana inatikwapula 12-0. Mu 1967 osewera ena anachoka ku Wanderers n'kuyambitsa Bullets, ndipo mkangano wa Manoma ndi Maule umene tikuudziwa lerowu unayamba kusula osewera. Mu 1977 kunabwera mphunzitsi wa ku England, Ted Powell. Chaka chotsatira, 1978, Malawi anachititsa mpikisano wa East and Central Africa Senior Challenge Cup n'kutenga chikhocho atagonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo. Mu 1979 anakachiteteza ku Kenya, kugonjetsa eni bwalo 3-2. Zaka 16 zokha kuchokera pa 12-0 uja, tinali akatswiri a chigawo, ndipo kawiri motsatizana. Kinnah, mnyamata wa Bata Bullets, ndiye anali mkondo wa timu imeneyo.

Choncho amalume sanatsutse kuti ndamutenga. Chimene chinawavuta ndi njira imene ndinamutengera. Anati, "Iwe wasankha 71. Sunasankhe Kinnah."

Draft inapitirira. Msuweni wanga anatenga Gabadinho Mhango. Wachitatu anatenga Ernest Mtawali. Wachinayi, pokhala ndi mwayi wosankha kawiri motsatizana, anatenga Esau Kanyenda ndi Lawrence Waya. Kenako Chiukepo Msowoya anapita, Joseph Kamwendo anapita. Mwaonatu: anthu asanu ndi awiri oyamba onse ndi ogoletsa kapena opanga zigoli. FPL inatiphunzitsa choncho, kuti wakumbuyo ndi wodzazira malo, umamutenga kumapeto ndi chenji chotsala. Itafikanso nthawi yanga, pakamwa panga panali kale dzina la Russel Mwafulirwa. Amalume anatsokomola.

"Ana inu," anatero, "mwatchula anthu asanu ndi awiri, Africa akadali panja?"

Jack Chamangwana, amene anthu ankangomutcha Africa. Wotchinga kumbuyo wa Wanderers, kaputeni wa Flames, magemu 133 a dziko. Anakasewera ku Kaizer Chiefs ndipo anaiphunzitsanso timuyo, kenako anakaphunzitsa Young Africans ku Tanzania. Anamwalira mu 2018. Pambali pake ikani Young Chimodzi wa Silver Strikers, amene anavala jezi ya dziko ka 159, kuposa wina aliyense, kuyambira 1979 mpaka 1995. Ganizirani zaka 16 munthu mmodzi osachotsedwa pamalo pake, aphunzitsi akusintha, anzake akubwera n'kupita. Koma mukamuika pa sikelo ya FPL, zambiri zimene ankachita sizilemera kanthu: kuwerenga kumene mpira ukupita, kutseka mpata mdani asanauone, kukalipira mnzake kuti abwerere. Ngakhale eni FPL anazindikira mochedwa, mu 2025, pamene anayamba kupereka mapointi kwa wolanda ndi kutchinga mipira yambiri. Koma mu 1979 panalibe munthu wokhala ndi kompyuta kuwerenga kuti Chamangwana walanda kangati.

Apa amalume anatiuza za ntchito yawo, ndipo ndi mawu amene ndabwera nawo kutauni. Anati sikelo sinama, koma sidziwa zonse. Mayi wothyola pamalo athyathyathya ndi mayi wothyola pamtsetse, mvula ikumukwapula, phazi likuterereka, akafika pa sikelo kilo ndi kilo. Wina amathyola bwino, masamba awiri ndi kansonga, dengu lake n'kupepuka. Wina amakokera ndi zokhwima zomwe, dengu n'kulemera. Ndipo amene anadulira tiyiyo miyezi yapitayo, amene anapalira, amene anathira feteleza, m'buku la makilo mulibe dzina lawo, chonsecho popanda iwo palibe chothyola. "Ine ndinkalemba zimene sikelo yanena," anatero. "Koma ukandifunsa kuti wodziwa ntchito anali ndani, sindingatsegule buku."

Ndinameza Mwafulirwa uja. Ndinatenga Chamangwana, ndipo poti unali mwayi wanga kawiri, ndinatenganso Chimodzi. Anzanga anadandaula kuti ndathandizidwa mayeso. Patangopita kanthawi Patrick Mabedi, amene anakhalapo kaputeni wa Kaizer Chiefs, ndi Peter Mponda, kaputeni wathu wa 2010, anali atatengedwa. Khonde lonse linali litaphunzira.

Tsiku lachiwiri tinakangana za 1984. Chaka chimenecho Malawi anafika koyamba ku Africa Cup of Nations, ku Ivory Coast, nthawi imene mpikisanowo unkakhala ndi matimu asanu ndi atatu okha. Lero amakhala 24. Kungofikako kokha kunali kovuta kuposa masiku ano. Ku Bouaké tinagonja 3-0 kwa Algeria ndi 1-0 kwa Ghana, koma pakati pa magemu awiriwa tinalepherana ndi Nigeria 2-2. Harry Waya ndi Clifton Msiya anagoletsa, tinatsogola 2-0, kenako Clement Temile anabweza zonse ziwiri chigawo choyamba chisanathe. Nigeria yomweyo inakafika mu fainolo. Kinnah pa ulendowu panalibe, anali atachoka kale kupita ku Swaziland. Ndiye funso linabuka: woposa ndani, amene anagoletsa 71 koma sanapondeko ku AFCON ngati wosewera, kapena amene anagoletsa chimodzi pabwalo lalikulu la Africa? FPL ingayankhe mosavuta. Ife tinakangana mpaka nsima kuzizira.

M'badwo womwewo sunathere pomwepo. Mu 1987, pa All-Africa Games ku Nairobi, unatenga mendulo ya nambala 3 utagonjetsa Cameroon 3-1. Mu 1988 chikho cha East and Central Africa chinabweranso kuno, Zambia itagonja 3-1 mu fainolo. Lawrence Waya, Lule wa Bullets, anali pakatikati pa zonsezi. Amalume akamamutchula amagwedeza phewa ngati akudyetsa munthu njomba. Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji mmene ankapindira thupi pamene sanamuonepo. Anati phokoso la anthu pa wailesi linkasintha Lule akagwira mpira, ndipo wolengeza ankasiya mawu ena pakati. Zimenezo sizilowa mu tebulo lililonse, koma ndi umboni ndithu.

Mkangano waukulu unali pa Ernest Mtawali. Mnzanga amene anamutenga ananena kuti ameneyu ndiye wosewera waluso koposa amene dziko lino linabala, ndipo ambiri amene anamuona amavomereza. Koma mapointi ake tiwawerengera kuti? Mtawali anapita ku South Africa m'zaka za m'ma 1980, dzikolo lili lochotsedwa mu FIFA chifukwa cha tsankho. Linachotsedwa mu 1976 ndipo linabwezeretsedwa mu 1992. Kumeneko ankasewera ndi dzina loti Ernest Chirwali. Mu 1985, ali ku Bloemfontein Celtic, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo. Pambuyo pake anasewera ku Mamelodi Sundowns, ku Argentina, ndi ku Toulouse ku France. Zaka zimene mwendo wake unali pachimake, Flames sinathe kumugwiritsa ntchito. Chodabwitsa n'chakuti boma la Kamuzu linali pa ubale ndi Pretoria kuyambira 1967, ndipo amuna a m'midzi yathu ankapita ku migodi ya ku Joni ndi mapepala a boma, koma wampira wopita njira yomweyo ankataya malo ake mu timu ya dziko.

Nkhaniyi kwa Mphuka siyachilendo. Pafupifupi banja lililonse lili ndi wina ku Joni. Malo olima ndi ochepa, minda ya tiyi inazungulira midzi kuyambira nthawi ya atsamunda ndi thangata, ndiye mnyamata akakula amayang'ana msewu. Mpira wathu unayenda njira yomweyo: Chamangwana, Mtawali, John Maduka, Mabedi, Mponda, Robert Ng'ambi, Gabadinho, onse anakadyera ku South Africa. Kanyenda anadutsira ku Jomo Cosmos n'kukafika ku Russia, ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow. Ukamayesa osewera a Flames, ukuyesa anthu amene thukuta lawo lambiri linagwera m'minda ya eni. Tinagwirizana kuti Mtawali akhale, koma funso la mapointi ake tinalisiya lili chomwecho.

Titafika pa 2008 mpaka 2010, mawu athu anakwera, chifukwa apa ndiye tinali mboni. Kinnah anabweranso, tsopano ngati mphunzitsi. Mu 2004 anali atafikitsa kale Bakili Bullets mu ndime ya magulu ya CAF Champions League. Mu 2008 Flames inathira Djibouti 8-1, ndipo mu Juni chaka chomwecho, pa Kamuzu Stadium, Chiukepo Msowoya anagoletsa kumapeto kwenikweni kwa gemu n'kugwetsa Egypt 1-0, Egypt imene inali itangotenga chikho cha Africa miyezi inayi m'mbuyomo. Taonani sikelo ija: chigoli chachisanu ndi chitatu chothira Djibouti ndi chigoli cha Msowoya chogwetsa akatswiri a Africa, mu FPL zonse ndi mapointi 4. Kilo ya pamtsetse ndi kilo ya pathyathyathya. Mu Okutobala 2009 Jacob Ngwira anagoletsa Ivory Coast, ndipo anachita kulowetsa Didier Drogba kuti abweze, gemu n'kutha 1-1.

Kenako Lolemba, pa 11 Januwale 2010, ku Luanda. Ndinali mu Sitandade 7. Tinathamanga kuchoka kusukulu, osadya, kukadzipanikiza mu shoo ya pa msika, jenereta ikulira kunja, fungo la thukuta ndi zitumbuwa mkati. Algeria inali itangopeza malo ku World Cup. Mwafulirwa anagoletsa. Elvis Kafoteka anadumpha n'kumenya hedi. Davi Banda anatsiriza. 3-0, zigoli zomwe zija Algeria inatithira ku Bouaké zaka 26 m'mbuyomo. Benchi imene ndinakhalapo inathyoka pa chigoli chachiwiri ndipo palibe anadandaula. Gemu imeneyi tinatha kuiwerengera bwinobwino: Kafoteka, wakumbuyo, 2 osewera, 6 a chigoli, 4 osagoletsetsa, onse pamodzi 12. Mwafulirwa, 6. Goloboyi Swadick Sanudi, 6 osawerengera mipira imene anagwira. Nditangomaliza kuwerenga ndinamutenga Kafoteka, ndipo aka kanali koyamba kuti manambala ndi mtima zigwirizane. Zoti tinagonja 2-0 kwa Angola ndi 3-1 kwa Mali n'kubwerera kumudzi, pakhondepo tinazidutsa mwachangu.

Msuweni wanga anadikira nthawi yake kuti ateteze Gabadinho, ndipo mlandu wake unali wolimba. Mu 2019-20, ali ku Orlando Pirates, anagoletsa 16 mu ligi ya South Africa, kufanana ndi Peter Shalulile pamwamba pa onse. Ku AFCON ya ku Cameroon mu Januwale 2022 anagoletsa ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2-1 ku Bafoussam, mapointi 10 gemu imodzi. Tinalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, imene inakatenga chikhocho, ndipo kwa nthawi yoyamba tinadutsa ndime ya magulu. Pa 25 Januwale ku Yaoundé anaona Yassine Bounou wasuntha pagolo, n'kuumenya ali kutali kwambiri, pafupi ndi pakati pa bwalo kusiyana ndi pagolo. Morocco inabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi, tinagonja 2-1, koma chigolicho dziko lonse lapansi linachiona. Msuweni anatulutsa foni n'kutionetsa kachikhumi.

Amalume anaonera nawo, anaomba m'manja, kenako anati, "Chabwino kwambiri. Tsopano ndionetse cha Kinnah." Tinangoti zii. Msuweni anafufuza, anapeza zithunzi zochepa zakuda ndi zoyera, ndi Kinnah wachikulire atavala jekete ya mphunzitsi. Apa ndinamvetsa kuti draft yathu sinali yachilungamo kuyambira pachiyambi. Gabadinho ali ndi kanema, wobwereza kuchokera mbali zinayi. Kinnah ali ndi nambala pa tsamba la RSSSF, limene anthu ongodzipereka amasonkhanitsapo zotsatira zakale, ndiponso ali ndi amalume.

Mchemwali wanga, amene ankatimvera akutsuka mbale, anaponyapo lake. "Achimwene, ngati nkhani ndi mapointi, bwanji simukutchula a Chawinga?" Tinayankha kuti lamulo linati Flames, osati Scorchers. Anaseka. Ndipo ankanena zoona. Tabitha anagoletsa kuposa onse mu ligi ya Italy ali ku Inter mu 2022-23, n'kuchitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain chaka chotsatira. Temwa anagoletsa 20 mu ligi ya America mu 2024 ali ku Kansas City Current, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Tikanatsegula chitseko, woyamba pa draft mwina sakanakhala mwamuna. Lamulo lathu lomwe linali sikelo ina yosiya anthu panja.

Pofika tsiku lachitatu aliyense anali ndi anthu ake 11. Mwa anga munali Sanudi pagolo; Kafoteka, Chamangwana ndi Harry Waya kumbuyo; Chimodzi ndi Davi Banda pakati; Clifton Msiya kumbali; Kinnah kutsogolo. Koma wopambana tikanamudziwa bwanji? Kuwerenga zigoli zokha kukanakondera ogoletsa. Kuwerenga magemu kukanakondera a m'ma 1970 ndi 1980, amene ankasewera magemu ambiri a dziko pa chaka. Kuwerenga opatsira zigoli kunali kosatheka, chifukwa kale sankalemba zimenezo. Tinapempha amalume kuti aweruze.

Anakana. Anati iwo si oyimbira. Koma anapempha mapepala a matimu awiri, langa ndi la msuweni, anavala magalasi, anawerenga mayina pang'onopang'ono, n'kukhosomola. Kenako anayamba kulengeza gemu, ndi liwu lija la wailesi, lokwera ndi kutsika, ngati Steve Liwewe Banda ali pa Kamuzu Stadium. Chamangwana walanda, wapereka kwa Chimodzi, Chimodzi wayang'ana, wautaya kumbali kwa Msiya. Gabadinho wathawa, Kafoteka ali naye. Ana a nyumba zoyandikana anabwera. Amayi anasiya mphika. Pakati pa gemuyo anayamba kulowetsa anthu amene panalibe aliyense wa ife anawasankha: Boniface Maganga pagolo, Barnett Gondwe, Stock Dandize, Frank Sinalo, Holman Malunga, Peterkins Kayira. Aliyense ankabwera ndi kankhani kake, timu yake, mwendo umene ankadalira. Ife, akatswiri a benchi ya Brentford, ena mwa mayinawa tinkawamva koyamba.

Mwamwayi ndinakumbuka kutsegula chojambulira mawu pa foni. Ndili ndi mphindi 40 za gemu imene sinaseweredwepo. Inatha 2-2, chifukwa amalume anati sangakhumudwitse mphwawo aliyense pa Khirisimasi.

Sindikunena kuti tisiye FPL. Ine ndemwe mawa ndidzakhala ndikulimbana ndi kaputeni, ndipo masewerawa anandiphunzitsa kufunsa umboni m'malo mongokuwa. Manambala a Kinnah ndi oona, ndipo tikanapanda kukhala nawo, ana a 2040 akanadzamuyesa nthano. Koma masiku atatu aja anandionetsa kuti mbiri ya mpira wathu ili m'mabuku awiri. Lina ndi laling'ono, la zigoli ndi madeti, ndipo lili pa intaneti. Lina ndi lalikulu, lili m'mitu ya anthu amene ankayanika mabatire padzuwa, ndipo likutha tsamba ndi tsamba pa maliro alionse. Chamangwana anapita. Omvera ake ambiri kumalayini anapita. Amalume ali ndi zaka za m'ma 70, ndipo shuga akuwavutitsa.

Ndiye mukapita kumudzi ulendo uno, kaya ndi ku Thekerani, ku Luchenza, ku Karonga kapena ku Nsanje, yesani draft yanu. Pezani wamkulu amene anamvera fainolo ya 1978, mumufunse kuti woyamba angatenge ndani, ndipo mumufunse chifukwa chake. Tsegulani chojambulira, mumusiye alankhule. Bandulo siikufunika.

Ine woyamba wanga akadali Kinnah. Koma amalume atandiperekeza pa siteji ya minibasi anandifunsanso kuti ndamutengeranji, ndipo ulendo uno 71 sindinaitchule. Ndinati ndinamumva. Anagwedeza mutu n'kundipatsa nthochi za paulendo.